Musanagulitse puloti chifukwa cha zithunzi zanga za ku Yukon, werengani kaye izi

Chiikireni zithunzi za maluwa ndi za chimbalangondo zija pa Facebook inbox yanga siikupuma, aliyense akuti achimwene tipatseniko nambala ya ejenti amene anakutumizani ku Canada. Sindipereka. Ndilemba kamodzi pompano kuti ndisamabwereze kwa aliyense, makamaka inu amene ndamva kuti mwayamba kale kuitanira ogula pa puloti ya makolo.

Ine ndili ku Yukon, kumpoto chakumadzulo kwa Canada, kumalire ndi Alaska. Dera lake kukula kwake mukhoza kulowetsamo Malawi kanayi koma anthu onse sakwana 50,000 ndipo ambiri mwa iwo aunjikana mu tauni imodzi ya Whitehorse. Kwina konseko ndi tchire, mitengo ya paini, nyanja ndi mapiri. Nyama zija amati moose zilipo cha m'ma 70,000, kuchuluka kuposa anthu. Phiri lalitali la dziko lonse la Canada, Mount Logan, lili konkuno, mamita 5,959, pamene Sapitwa wathu ali pa 3,002.

Ejenti uja pa zithunzi sananame, chilungamo ndinene. Loji imene anandionetsa pa foni ilipodi, nyanja kuseri kwake ilipo, maluwa m'mabasiketi olendewera pakhonde alipo ndipo ndine ndinkawathirira. Chikomekome cha mkuyu, abale. Chimene sananene ndi mtunda. Loji ija ili maola angapo pa galimoto kuchoka ku Whitehorse, kulibe minibasi, kulibe kabaza, kulibe golosale pafupi, netiweki ya foni imathera panjira, ndiye bwana wako ndi yemweyo landilodi wako, ndi yemweyo shopu yako, ndi yemweyo thiransipoti yako, ndi yemweyo intaneti yako, ndipo pa pemiti yako palembedwa dzina lake kuti sungagwire ntchito kwa wina aliyense. Munthu wotero akakuuza mtengo wa chinthu ukanena kuti ndikayang'ana kwina, kwinako kuti?

Tiyambe ndi zimene ndinasiya ku Lilongwe. Kulembetsa K350,000, yosabweza. Kenako 1,500 dola za America zogwirira "malo". Kenako 2,500 dola zimene ankati ndi zoyendetsera mapepala ku mbali ya Canada, ndipo zimenezi anandiuza patangopita masiku ochepa kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ankafuna madola enieni osati makwacha, mukudziwa nokha kumene munthu amawapeza ndi mtengo wake. Tikiti ya ndege ndinagula ndekha, 2,100 dola. Zonsezi risiti yake inali meseji ya pa WhatsApp yoti "received boss".

Tsopano mverani zimene boma la Canada limalipiritsa. Pemiti ya ntchito ndi 155 dola za Canada. Zidindo za zala ndi chithunzi 85. Basi, kupatula zoyezetsa kuchipatala zimene umalipira padera. Pepala lija lotchedwa LMIA, limene limaloleza bwana kulemba munthu wakunja, ndi 1,000 dola ndipo lamulo likuti alipire bwana, saloledwa kuibweza kudzera kwa wantchito. Pa ntchito za malipiro otsika ngati yanga tikiti yobwera ndi yobwerera ndi udindo wa bwananso. Ndiye 4,000 dola zanga zija zinayendetsa mapepala ati? Zinamanga fensi ya munthu wina ku Lilongwe konko, ine ndikuganiza choncho.

Anandilonjeza 24 dola pa ola, maola 40 pa sabata, ntchito ya chaka chonse yosamalira maluwa ndi kapinga. Kontirakiti yeniyeni, imene anaitumiza tikiti nditagula kale, inati 19. Malipiro otsikitsitsa a ku Yukon nthawi imeneyo, kuyambira Epulo 2024, anali 17.59 ndiye onani nokha pamene ndinali. Maola anali 30, maluwa inali mbali chabe, kwambiri kunali kutsuka mbale, kuyala mabedi ndi kutaya zinyalala. Za chaka chonsezo ndiye ndi nthabwala, kumapeto kwa Sepitembala alendo amatha, loji imatseka zitseko zambiri mpaka Meyi.

Peyisilipi imodzi ya masabata awiri ndinaisunga ndipo ndikaiona mpaka lero mtima umawawa. Maola 60, ndiye 1,140. Boma latengapo zake pafupifupi 150, zimenezo sindidandaula. Kenako chipinda, chimene tinkagona awiri mu kalavani yakale, 350. Chakudya 15 pa tsiku, 210, udye usadye. Intaneti 30. Ulendo umodzi wopita ku tauni kukatsegula akaunti ku banki 80, pa galimoto imene inkapita kale kukatenga katundu wa ku khichini, ine ndinakhala pakati pa makatoni a mazira. Ndiye mzere wina wolembedwa mwachidule, 200, nditafunsa akuti ndi kubweza pang'onopang'ono ndalama imene anawononga pokubweretsa. Yotsala 120 dola. Masabata awiri, 120, pamene kumudzi banki mkhonde ikudikira, katapila akudikira, mayi akudikira, ndipo onse awona chithunzi chako utaima pakati pa maluwa ukumwetulira.

Ngakhale kachitini ka mankhwala opopera chimbalangondo anandidula 65, chinthu choti ndimachinyamula chifukwa chotumidwa kukataya zinyalala kuseri kwa nkhalango.

Za zimbalangondozo ndinene bwinobwino chifukwa ena mukuziona ngati zidole. M'nkhalango zakuno zilipo mitundu iwiri, zakuda ndi zazikulu zija amati grizzly zimene zili ndi linunda paphewa. Choyamba kukumana nacho chinali chakuda, m'mawa wa mu Juni, ndikukankha wilibala ya manyowa. Chinali chitakhala pansi m'mbali mwa msewu wolowera ku loji chikudya timaluwa tachikasu tomera tokha mu kapinga, chikuthyola ndi milomo mwaulesi, mtunda wake ngati kuchoka pa golo kufika pakati pa bwalo la mpira. Chinadzutsa mutu, mphuno ikugwedera, chinandiyang'ana. Miyendo inkati thawa koma anali atandiuza kale kuti ukathawa wadziyesa nyama ndipo sungachipose, chimathamanga kupitirira makilomita 50 pa ola. Ndinayamba kuchiyankhula m'Chichewa, ndikubwerera chammbuyo pang'onopang'ono, ndikuti agogo pepani ndangodutsa, idyani bwino. Chinabwerera ku maluwa ake. Wilibala ndinakaitenga masana tili awiri.

Lamulo lake ndi lakuti chakudya ndi zinyalala zisagone panja, mabini ake ndi achitsulo okhala ndi loko yoti dzanja la munthu lokha ndi lotsegula. Chimbalangondo chikazolowera kudya za anthu a zanyama amabwera kudzachiombera, ndipo wosiya chakudyayo amalowa m'mavuto. Mnzanga wa chipinda anayanika nsomba pa waya kuseri kwa kalavani monga tichitira kwathu, loji yonse inaima, anamukalipira ngati wayatsa moto.

Koma anthu akuno amaopa moose kuposa mmene mungaganizire. Ndi chinyama chachitali, miyendo ngati mapolo, champhongo chimatha kupitirira makilo 600, ndipo galimoto ikachigunda imathyola miyendoyo thupi lonse n'kugwera pa galasi lakutsogolo. Chachikazi chikakhala ndi mwana mu Meyi ndi Juni sichifunsa, chimaponda. Ndipo inu amene mwalemba kuti kumeneko ndiye ndiwo n'zaulere, iwalani. Mlendo sangosaka, pamafunika chiphaso ndi malamulo ambirimbiri, ngakhale kuwedza kumafuna laisensi. Eni nthaka akuno, mitundu 14 imene amaitchula kuti First Nations, ali ndi ufulu wawo wosaka pa malo a makolo awo, umenewo ndi wawo, osati wa iwe wofika dzulo ndi pemiti ya chaka chimodzi.

Chimene chinandizunza tsiku ndi tsiku si zilombo zazikuluzo ayi, ndi udzudzu. Malungo kulibe koma kuchuluka kwake mu Juni ndi Julayi simunakuonepo, ngakhale a ku Nsanje. Umagwira ntchito utavala neti kumutu. Ukatha udzudzu kumabwera tintchentche takuda toluma kuseri kwa makutu mpaka magazi.

Chimene chinandisunga mutu kuti usazungulire ndi macheza a madzulo. Kuno mu Juni dzuwa limakhala kunja maola pafupifupi 19, 11 koloko usiku ukhoza kuwerenga nyuzi panja, tulo sitibwera. Pafupi ndi loji pankakhala agogo ena aakazi a zaka za m'ma 70, iwowa ndi amene ankafesa mbande zonse za maluwa a pa loji, ndi bambo wina wachikulire mnzawo amene moyo wake wonse anathera kukumba golide m'makhwawa. Tinkakhala pa khonde la agogowo titayatsa kakoyilo ka udzudzu, tiyi m'manja, nkhani zake zosalongosoka, uyu za chimbalangondo chimene chinamuthyolera chitseko cha kanyumba kake, uyu za chisanu chimene chinapha maluwa ake mu Julayi chaka china, kenako akangana za msewu wa Dempster, wa miyala wa makilomita oposa 700 wopita ku Inuvik, kuti matayala osungira unyamule angati, bamboyo akuti awiri agogo akuti iwe unayenda ndi limodzi ndipo unagona panjira.

Agogowo ndi amene anandiphunzitsa ulimi wakuno. Mbewu amafesa m'nyumba pa windo mu Malichi ndi Epulo kunja kukadali chipale, kuwokera panja ndi kumayambiriro kwa Juni, ndipo ngakhale pamenepo madzulo alionse amayang'ana kumwamba, kukayera kwambiri amafunditsa mabedi ndi nsalu zakale. Nyengo ndi yaifupi koma chifukwa cha dzuwa losalowa lija zinthu zimakula ngati zikuthamangitsidwa. Maluwa awo a buluu otchedwa delphinium anatalika kundiposa ine, tinachita kuwamangirira ku ndodo. Kabichi mutu umodzi wodzaza beseni. Mbatatesi, karoti ndi kale zimachita bwino, tomato ndi nkhaka mpaka mu nyumba ya pulasitiki. Chimanga musavutike kufunsa.

M'nyumba ya pulasitikimo anali ndi maungu, ndiye tsiku lina ndinawapeza akudula masamba n'kumaponya pa mulu wa manyowa. Ndinati agogo mukutaya ndiwo. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinasadzula nkhwani uja, kusenda bwinobwino, ndinatendera ndi chiponde cha m'botolo popeza nsinjiro kulibe, anadya mbale yonse n'kufunsa ngati maluwa akenso amadyedwa. Kuyambira pamenepo masamba onse ankandisungira, ndipo pa malipiro a 120 aja musaone ngati chinali chinthu chaching'ono.

Duwa limene ambiri mwalikonda pa zithunzi, lofiirira lija lodzaza m'mbali mwa msewu, si lobzala. Amalitcha fireweed, ndi duwa la chizindikiro cha Yukon, limamera lokha makamaka pamene padutsa moto wa m'nkhalango. Limayamba kumasula kumunsi kwa phesi kumakwera m'mwamba, ndipo agogo anandiuza kuti likafika kunsonga uyambe kufunafuna jekete. Anandifunsa kuti kodi bwana wako wakuuza kuti mu Okutobala udzakhala ukuchita chani? Ndinati akuti ntchito ndi ya chaka chonse. Anayang'anana ndi bambo uja osayankha, kenako anandithirira tiyi wina.

Za miyala, chifukwa alipo atatu anayi amene mwandilembera kuti ndikutumizireni "sampulo". Ndikukumba bedi latsopano ndinapeza mzere woyera pansi pa dothi lakuda, wopyapyala ngati chala, wofewa ngati phulusa la pa mbaula. Bambo uja anati ndi phulusadi, la phiri lina la ku Alaska limene linaphulika zaka pafupifupi 1,200 zapitazo n'kukwirira dera lalikulu la kuno, ukamayenda pa msewu wopita ku Dawson City umauona mzerewo m'zigumukire za m'mbali. Tsiku lina ndinatola mchenga wonyezimira pa khwawa mtima ukugunda, ndinapita nawo kwa iye nditaukulunga mu pepala. Anauika pa chikhatho, anaukanda ndi chikhadabo n'kuphwanyika, anati golide saphwanyika, amapindika, ndipo sayandama m'mbale, amakhala pansi. Anatulutsa kabotolo kake kakang'ono ka galasi kuti ndinyamule, tinthu tochepa ngati mapira koma kulemera kwake kodabwitsa, anati zimenezi ndi za chilimwe chathunthu chaka chimene msana wake unatha.

Golide alipodi, anapezeka pa khwawa la Bonanza mu Ogasiti 1896 ndipo mpaka lero anthu akukumba ndi makatapila. Koma makhwawa amene ali ndi kanthu ali ndi eni ake olembetsa ku boma, ukakagwira mbale yosefera golide pa malo a mwini ndi mlandu. Ngakhale mafupa akale sutenga, mu Juni 2022 wokumba wina anapeza kamwana ka njovu zaubweya zija zinatha kalekale, kali pafupifupi kathunthu ndi khungu lomwe mu dothi louma ndi chisanu, ka zaka zoposa 30,000, anaimitsa makina n'kuitana a boma ndi eni nthaka. Bambo uja ankakonda kunena kuti pa anthu pafupifupi 100,000 amene ananyamuka kuthamangira golide nthawi imene ija, ofika ku Dawson sanakwane theka, ndipo ambiri anapeza malo onse atagwidwa kale n'kuyamba kugwira ganyu kwa anzawo. Ankanena akuseka, ine sindinkaseka nawo.

Okutobala atafika maola anatsika kufika 12 pa sabata koma chipinda ndi chakudya ankadulabe chimodzimodzi, peyisilipi ina inatuluka ndili ndi ngongole kwa bwana. Ejenti wa ku Lilongwe nditamuimbira anati limbani mtima bwana, ena akulakalaka mwayi umenewo, kenako anandibuloka. Agogo aja ndi amene ananditenga pa galimoto yawo kupita ku Whitehorse, osandilipiritsa, mpaka pakhomo la mayi wina wothandiza za mapepala a anthu obwera.

Mayi ameneyo ndiye ejenti yekhayo wachilungamo amene ndakumana naye pa ulendo wonsewu. Ndisanakhale n'komwe anandiuza mtengo, 120 dola pa ola, ndipo anandipatsa nambala ya laisensi yake kuti ndiifufuze ndekha pa foni mu kaundula wa College of Immigration and Citizenship Consultants, bungwe limene limayang'anira anthu a ntchito imeneyi. Dzina linatuluka. Anawerenga mapeyisilipi onse ndi pensulo, sanandinyengerere. Anati ndalama munapereka kwanu ija ine sindingakunamizeni kuti ndikaitenga, muiwerengere kuti inapita pokhapokha mukaitsate ku polisi konko. Anati 1,000 imene bwana anakudulani pang'onopang'ono pa mzere wa 200 uja ndiye anakudulani molakwa, tikitinso simunayenera kugula ndinu. Anandiuza za pemiti ina yotseguka imene boma linayambitsa mu 2019 ya antchito amene akuzunzidwa kapena kudyeredwa masuku pamutu ndi bwana, kuti kufunsira kwake n'kwaulere, ndipo anati fomuyi mukhoza kulemba nokha, musandilipire pa chinthu choti mungathe, ingosungani umboni wonse. Anandipatsa risiti ya pepala yokhala ndi siginecha. Ola linapitirira ndi mphindi makumi awiri sanawonjezere kanthu.

Sanalonjeze kuti zitheka, koma zinatheka. 1,000 ija inabwezedwa kalata itapita. Pemiti inatuluka, pano ndikugwira ntchito mu tauni, ndikulipira 950 pa mwezi ka chipinda kamodzi m'nyumba ya eni, ndipo ngongole ya kumudzi ndikuidulabe.

Ndiye inu amene mukuti bola ndikafike, zinazo ndikaonera konko, mukaonera chani? Kujoni munthu zikakuvuta umatuluka pa geti n'kukapeza m'bale ku Mayfair kapena ku mpingo, umagona pa sofa mawa n'kuyamba piece job. Kuno ukatuluka pa geti mu Januwale kuli -35 kapena -40, dzuwa la mu Disembala silikwana maola 6, galimoto amachita kuzilumikiza ku magetsi usiku kuti injini isaume, ndipo nyumba yotsatira ili makilomita makumi angapo. Ku Snag konkuno mu Febuluwale 1947 kunazizira kufika -63. Jekete ya pa kaunjika imene mukuidalira ija ndi ya mu Sepitembala.

Ndipo amene akukuuzani kuti ukangogwira chaka basi mapepala okhalitsa atuluka, banja libwera, mufunseni kuti nkhani anawerenga liti. Kuyambira Sepitembala 2024 ntchito za malipiro otsika chilolezo chake anachidula kufika chaka chimodzi, ndipo mu Malichi 2025 anachotsa mapointi amene munthu ankapeza mu Express Entry, njira ya boma yofunsira mapepala okhalitsa, chifukwa chokhala ndi kalata ya ntchito, chifukwa chimodzi chinali chomwechi choti anthu ankagulitsa makalatawo. Mukugula chinthu choti eni ake anachitsitsa kale mtengo.

Ngati mwatsimikizabe, kontirakiti muione musanatulutse tambala, ndipo muwerenge mzere wa zodula osati wa malipiro wokha. Funsani kuti malowo ali makilomita angati kuchoka ku tauni, amene alibe galimoto amapita bwanji ndipo amalipira zingati. Funsani kuti loji imatseka mwezi uti. Pemphani nambala ya wantchito amene ali pomwepo panopa, muyankhule naye bwana palibe. Wina akangotchula kuti mulipire LMIA kapena "malo", nyamukani, musamalize n'komwe fanta wakupatsaniyo. Pasipoti yanu isagone mu ofesi ya munthu. Ndipo amene mwafunsa zobweretsa mbewu za bonongwe, usipa ndi ufa, chilichonse cha chakudya kapena chomera muchinene pa bwalo la ndege, akachipeza musananene chindapusa chake chimafika 1,300 dola.

Ya tikiti ija, 2,100, ikadali m'manja mwa a boma, akuti akufufuza. Mnzanga wa nsomba uja anakana kudandaula poopa kuti bwana sadzamuitananso chaka chamawa, anabwerera kwawo mu Novembala ngongole asanamalize.